MALO OKHALA: Nyumba za Kuseri Zochokera ku Fakitale, Ubwino Wake ndi Zopinga Zake

M'mizinda ya Los Angeles, San Diego ndi San Jose, m'chigawo cha California m'dziko la America, sichilinso chinthu chodabwitsa kuona kireni itanyamula nyumba yathunthu, n'kuiwolotsa pamwamba pa denga la nyumba ina, kenako n'kuikhazika pang'onopang'ono kuseri kwake. Nyumba yotere imachoka ku fakitale ili kale ndi zitseko, mawindo, bafa, khichini, mapaipi a madzi ndiponso mawaya a magetsi. Kuitsitsa pa maziko ake kumatha tsiku limodzi, moti anthu oyandikana nawo amene anapita ku ntchito m'mawa amadzapeza madzulo kuti pa ploti pamene panali nyumba imodzi tsopano pali ziwiri.

Ku America nyumba zimenezi zimadziwika ndi dzina lachidule lakuti ADU, kutanthauza nyumba yachiwiri, yocheperako, yomangidwa pa ploti pamene pali kale nyumba yaikulu, koma yokhala ndi khomo lakelake, pophikira ndi posambira. Ku Britain ndi ku Australia amati granny flat, ndiko kuti kanyumba ka agogo. Anthu a kuno kum'mwera kwa Africa sangavutike kulimvetsa ganizoli. Ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka ndi Harare kuli maboyizikota amene kale munkagona antchito apakhomo koma lero ambiri ali pa lendi, ndipo ku Johannesburg ndi Cape Town anthu miyandamiyanda, kuphatikizapo ochokera ku Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique, amagona m'zipinda za kuseri kwa nyumba za eni. Chachilendo ku California n'chakuti boma, limene kwa zaka zambiri linkangoyang'ana makhonsolo akutchinga nyumbazi, linatembenuka n'kuyamba kuzilimbikitsa, ndipo makampani anaona mpata wozipanga ku fakitale monga mmene amapangira galimoto.

Lamulo ndilo linatsegula khomo

Chimene chinakakamiza boma la California ndi kusowa kwa nyumba. Lendi ndi mitengo ya nyumba m'chigawochi zili m'gulu la zokwera kwambiri m'dziko lonse la America, chonsecho malo ambiri okhala anthu m'mizinda yake anapatulidwa mwalamulo kuti pa ploti imodzi pazikhala nyumba imodzi ya banja limodzi basi. Ku Los Angeles malo otere anali pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a malo onse okhala anthu. Kumanga nyumba zosanja m'madera amenewa kumautsa mapiri pachigwa, pakuti eni nyumba amaopa kuchulukana kwa anthu ndi galimoto. Kanyumba kamodzi kobisala kuseri sikakwiyitsa anthu motero, makamaka popeza womanga amakhala mwini ploti yemweyo, osati kampani yobwera.

Lamulo lolola nyumba yachiwiri linalipo kuyambira 1982, koma makhonsolo ambiri ankalifooketsa ndi timalamulo tawo. Womanga ankauzidwa kuti apeze malo owonjezera oimikapo galimoto, asiye mpata waukulu pakati pa nyumba ndi malire a ploti, ndiponso alipire ndalama zankhaninkhani zolumikizira madzi ndi suweji. Pa pepala munthu ankaloledwa, koma akawerengetsera ankangosiya, kapena ankamanga mobisa posandutsa galaja kukhala chipinda popanda chilolezo.

Mu 2016 nyumba ya malamulo ya chigawochi inavomereza malamulo awiri, SB 1069 ndi AB 2299, amene bwanamkubwa Jerry Brown anasaina ndipo anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2017. Anthu okhala pa mtunda wosapitirira mamita 800 kuchokera pokwerera basi kapena sitima anamasulidwa ku lamulo la malo a galimoto lija. Mu 2019 bwanamkubwa Gavin Newsom anasaina malamulo ena olimba kuposa pamenepo. Kuyambira 2020 khonsolo inayenera kuyankha pempho pasanathe masiku 60 m'malo mwa 120. Sinaloledwenso kukana nyumba ya masikweya mita okwana 74 imene yasiya mpata wa mita imodzi ndi masentimita 20 kuchokera pa malire, ndipo nyumba yosakwana masikweya mita 70 inakhululukidwa ndalama zimene khonsolo imatolera pa nyumba yatsopano zothandizira misewu ndi ntchito zina za mumzinda.

Zotsatira zake zinaoneka msanga. Mu 2016 zilolezo za nyumba zotere m'chigawo chonse zinali zongopitirira pang'ono 1,000. Mu 2022 zinaposa 20,000, ndiko kuti pafupifupi nyumba imodzi mwa nyumba zisanu zilizonse zatsopano zololedwa chaka chimenecho. Mu 2023 lamulo la AB 1033 linapatsa makhonsolo mphamvu yolola kuti nyumba ya kuseri izigulitsidwa payokha, ndipo mzinda wa San Jose unali woyamba kutsata njirayi mu 2024. Maiko ena anali atayamba kale. Mzinda wa Vancouver ku Canada unalola nyumba zoyang'ana ku tinjira ta kumbuyo mu 2009, chigawo cha New South Wales ku Australia chinafewetsa malamulo a nyumba zosapitirira masikweya mita 60 chaka chomwecho, ndipo ku Sweden kanyumba ka masikweya mita 25 kamene kanaloledwa mu 2014 anthu anakapatsa dzina la nduna yoona za nyumba ya nthawiyo, Stefan Attefall.

Chimene fakitale imachita bwino

Nyumba zambiri za kuseri ku California zimamangidwabe pamalo pomwepo ndi amisiri, kapena zimakhala galaja yosinthidwa. Za ku fakitale ndi gawo lochepa, koma ndizo zimakopa maso, ndipo zifukwa zake n'zomveka.

Choyamba ndi nthawi. Pomanga mwa masiku onse, ntchito imayenda mondondozana: khoma silingayambe maziko asanaume, denga silingakwere khoma lisanathe, ndipo pulambala akachedwa, wa magetsi ndi wopenta amadikira. Pa nyumba ya ku fakitale ntchito ziwiri zimayendera limodzi. Pamene amisiri akukumba ngalande ndi kuthira konkire pa ploti, nyumbayo imakhala ikulumikizidwa m'kati mwa fakitale, kumene mvula ndi mphepo sizingaimitse ntchito. Izi n'zofunika kwambiri pa nyumba ya kuseri kusiyana ndi nyumba ina iliyonse, chifukwa pa plotipo pamakhala pali kale banja. Miyezi yambiri ya phokoso, fumbi, mchenga pabwalo ndi anthu achilendo olowa ndi kutuluka ndi mtengo umene sulembedwa pa kontilakiti, koma aliyense amene anamangitsapo akugona pomwepo amaudziwa.

Chachiwiri ndi mtengo wodziwikiratu. Kampani imene yapanga nyumba yofanana kambirimbiri imadziwa matabwa, misomali ndi maola a ntchito amene adzalowe, choncho imatha kutchula mtengo umene sudzasintha pakati pa ntchito. Zipangizo zimadulidwa ndi makina, zotsala zimagwira ntchito pa nyumba yotsatira, ndipo sizibedwa kapena kunyowa. M'chigawo chimene amisiri ndi ochepa ndipo malipiro awo ndi okwera, kusonkhanitsa antchito pamalo amodzi kumapulumutsa ndalama. Makampani ena anafika posamutsira ntchito kumene malipiro ndi otsika: kampani ya Samara, imene mmodzi mwa oiyambitsa ndi Joe Gebbia, yemwenso anayambitsa nawo Airbnb, inatenga fakitale ku Mexicali, kutsidya kwa malire m'dziko la Mexico.

Chachitatu, chimene ambiri sachiganizira, ndi kuyendera kwa akuluakulu. Ku California nyumba ya ku fakitale imavomerezedwa ndi nthambi ya boma la chigawo yoona za nyumba, imayenderedwa ku fakitale komweko ndipo imamatidwa chizindikiro. Khonsolo imangotsala ndi maziko, malo amene nyumba yakhala ndi kulumikiza madzi, magetsi ndi suweji. Pulani imodzi yovomerezeka ingagwire ntchito m'mizinda yambiri, m'malo moti ofesi iliyonse iyambirenso kuiunika.

Zimene fakitale singapange

Mtengo umene umalembedwa pa chithunzi chokongola cha kampani kawirikawiri ndi wa bokosi lokha. Maziko, ngalande ya suweji yochokera kuseri kukafika ku msewu, kukulitsa bokosi la magetsi la nyumba yakale kuti linyamule mabanja awiri, kusalaza malo otsetsereka, kudula mitengo, zilolezo, lole ndi kireni, zonsezi zimabwera pamwamba. Zimenezi sizingapangidwe pa makina chifukwa palibe maploti awiri ofanana. Zikawerengedwa zonse, nyumba ya ku fakitale nthawi zambiri siikhala yotsika mtengo kwenikweni kuposa yomangidwa pamalo. Chimene wogula amapindula ndi nthawi ndi mtendere wa mumtima, osati ndalama. Palinso lamulo la masamu limene limapweteka nyumba zonse zazing'ono: bafa ndi khichini ndizo zipinda zodula kwambiri, ndipo nyumba ya chipinda chimodzi imazifuna monga mmene imazifunira ya zipinda zinayi. Kafukufuku wa sukulu ya ukachenjede ya California ku Berkeley, wofalitsidwa mu 2021, anapeza kuti mtengo wapakati womangira nyumba ya kuseri m'chigawochi unali madola 150,000.

Kenako pali msewu. Katundu wopitirira pafupifupi mamita 2.6 m'lifupi amafuna chilolezo chapadera kuti ayende pa misewu ya ku America, ndipo nyumba yathunthu imaposa pamenepo. Ndiye chifukwa chake nyumba zambiri za ku fakitale zimakhala zazitali koma zopyapyala, mwina zogawidwa pawiri. Ikafika m'dera, lole iyenera kukhota m'tinjira topapatiza, ndipo kireni iyenera kupeza poima popanda mawaya a magetsi kapena nthambi pamwamba. Maploti ambiri amalephera mayeso amenewa kampani isanatchule n'komwe mtengo. Pofuna kuzemba vutoli ena amapanga makoma ndi denga monga mapanelo amene anthu angathe kuwanyamula pamanja kudzera m'mbali mwa nyumba, koma potero ntchito yambiri imabwereranso pa ploti, ndipo phindu la nthawi lija limachepa.

Vuto lalikulu koposa ndi la ndalama, ndipo lili pawiri. Banki ikamapereka ngongole yomangira, imatulutsa ndalama pang'onopang'ono potsata zimene zaoneka pa ploti, chifukwa chomangidwa pa nthaka ndicho chikole chake. Koma fakitale imafuna gawo lalikulu la malipiro nyumba idakali m'manja mwake, kutali ndi plotiyo. Mwini nyumba amatsala pakati, ndipo ambiri amalipira ndi ndalama zimene anasunga kapena amakongola poika chikole nyumba yaikuluyo. Kampani ikagwa nyumba isanafike, ndalamazo zimakhala pa chiswe.

Kugwa kwa makampani otere si nkhani yongoopseza. Fakitale ili ngati ng'ombe ya mkaka, imadya tsiku lililonse kaya ikukamidwa kaya ayi: lendi ya shedi, makina ndi malipiro siziima, pamene oitanitsa nyumba amabwera mosadalirika, potengera chiwongoladzanja cha mabanki ndi liwiro la makhonsolo. Kampani ya Katerra, imene inatolera madola oposa 2 biliyoni kwa oika ndalama, kuphatikizapo SoftBank ya ku Japan, inagwa mu Juni 2021. Veev, ina ya ku California, inatseka kumapeto kwa 2023. Ku Britain, chaka chomwecho cha 2023, Legal & General inaimitsa fakitale yake ya nyumba ndipo Ilke Homes inagwa. Ambiri mwa makampaniwa ankapanga nyumba zikuluzikulu, osati za kuseri zokha, koma nthenda yake ndi imodzi. Ku Japan, kumene kampani ya Sekisui inayamba kugulitsa nyumba za mabokosi olumikiza m'zaka zoyambirira za m'ma 1970, njirayi inakhazikika chifukwa msika ndi waukulu ndipo makampani ake ali ndi misana yolimba yopirira zaka zoipa.

Patsala funso lakuti ndani akupindula. Kafukufuku wa ku Berkeley uja anasonyeza kuti omanga nyumba za kuseri anali makamaka anthu opeza bwino, ndipo pafupifupi theka la nyumbazo ndilo linali pa lendi. Zina munali achibale, zina zinali maofesi kapena zogona alendo. Si zoipa kuti gogo akhale pafupi ndi zidzukulu kapena kuti mwana wamkulu apeze pogona. Koma nyumba yowerengedwa m'mabuku a boma ngati yatsopano siikhala nthawi zonse nyumba imene munthu wosowa pokhala angailowe. Boma la chigawo linayesa kuthandiza opeza pang'ono ndi mphatso ya madola okwana 40,000 yolipirira mapulani, zilolezo ndi kukonza malo, koma thumbalo linatha msanga. Mu Okutobala 2023 bungwe la boma la America loteteza ngongole za nyumba, FHA, linalola kuti lendi yochokera ku nyumba ya kuseri iziwerengedwa pa zimene munthu amapeza akamapempha ngongole, chinthu chimene chinachotsa mwala umodzi panjira.

Kuno nyumba ya kuseri inafika lamulo lisanafike

Kum'mwera kwa Africa nkhaniyi imayenda chobwerera. Ku California boma linachita kunyengerera anthu kuti amange. Kuno anthu anamanga kalekale, ndipo boma ndilo likuthamangira m'mbuyo. Kalembera wa 2011 ku South Africa anapeza mabanja oposa 700,000 akukhala m'zisakasa za kuseri kwa nyumba. Bungwe la kafukufuku la Gauteng City-Region Observatory, poona zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga, linapeza kuti zomangidwa za kuseri m'chigawo cha Gauteng zinachoka pa zosakwana 270,000 mu 2001 kufika pa zoposa 800,000 mu 2016. Zambiri zili kuseri kwa nyumba za RDP zimene boma linayamba kugawa pambuyo pa 1994. Kwa mwini nyumba wopanda ntchito, lendi ya zipinda ziwiri kapena zitatu ndiyo penshoni yake. Kwa mlendo wochokera ku Mangochi kapena Tete, chipinda chotere ndicho khomo lolowera mumzinda.

Ngakhale nyumba yopangiratu si yachilendo. M'mbali mwa misewu ya m'malokeshoni a Cape Town ndi Gauteng amisiri amagulitsa makoma a malata okhomedwa kale pa matabwa, amene amanyamulidwa pa kabaki n'kuimikidwa tsiku lomwelo. Palinso tinyumba ta matabwa totchedwa Wendy house, ndi makontena osandutsidwa zipinda. Liwiro ndi mtengo wodziwikiratu, zimene makampani a ku California amadzitamandira nazo, amisiri amenewa anazipeza kale. Chimene sanachipeze ndi chitetezo: malata amatentha m'chilimwe n'kuzizira m'nyengo yachisanu, matabwa amayaka ngati udzu, ndipo moto ukayamba m'chipinda chimodzi pa ploti yothinana sulekeza pomwepo.

Pakati pa chisakasa cha m'mbali mwa msewu ndi nyumba ya madola 150,000 pali mpata waukulu, ndipo si wapafupi kuudzaza. Chifukwa chachikulu chimene fakitale imapambanira ku America, kukwera kwa malipiro a amisiri, kuno kulibe. Mmisiri wa njerwa ndi wotsika mtengo, pamene zitsulo, mapanelo ndi makina zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Ku Malawi, kumene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholowa pa chipata chinakwera nthawi yomweyo. Komanso anthu ambiri amamanga pang'onopang'ono monga mmene ndalama zikupezekera: chaka chino maziko, chaka chamawa khoma, denga likudikira malipiro a fodya kapena ndalama za mwana wa ku Joni. Fakitale imafuna ndalama zonse nthawi imodzi. Ndipo pali maganizo ozika mizu akuti nyumba yeniyeni ndi ya njerwa, imene munthu akaigogoda siilira. Ku South Africa njira zomangira zosazolowereka zimayenera kuyesedwa ndi bungwe la Agrément South Africa, koma setifiketi ya bungweli siisintha mtima wa wogula.

Ndiye sizodabwitsa kuti zatsopano zimene zagwira mizu kuno zakhudza ndalama kuposa zipangizo. Ku Cape Town kampani ya Bitprop imamanga zipinda za lendi kuseri kwa nyumba ndi ndalama zake, n'kumatenga gawo lalikulu la lendi kwa zaka 10, kenako zonse zimatsala kwa mwini ploti. TUHF inayambitsa ngongole ya uMaStandi yothandiza eni maploti a m'malokeshoni kumanga zipinda zovomerezeka. Zipinda zambiri zotere n'za njerwa kapena mabuloko a simenti. Chopinga chimene onse amakumana nacho ndi mapepala: eni nyumba za RDP ambiri alibe chikalata cha umwini m'dzina lawo, chifukwa sichinatuluke, kapena nyumba inagulidwa pa mgwirizano wapakamwa, kapena mwini anamwalira ana osasintha dzina. Popanda chikalatacho palibe chikole, palibe pulani yovomerezeka.

Kusavomerezeka kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo chitsanzo chowawa chili ku Zimbabwe. Mu Meyi 2005 boma linayamba ntchito ya Murambatsvina, imene inagwetsa misika, zisakasa ndi zipinda za kuseri zopanda chilolezo ku Harare, Bulawayo ndi mizinda ina. Lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi yapadera ya United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, popezera ndalama, kapena zonse ziwiri. Zipinda zina zimene zinagwetsedwa zinali zolimba, za njerwa, zokhala zaka zambiri. Mlandu wake unali pepala.

Mzinda wa Cape Town unatenga njira ina. Malamulo ake a mapulani analola nyumba yachiwiri pa ploti ya banja limodzi, ndipo kuyambira 2020 analolanso yachitatu. Koma chilolezo sichikulitsa paipi. Mapaipi a suweji ndi mathiransifoma a magetsi m'malokeshoni anakonzedwa powerengera banja limodzi pa ploti, pamene lero pali mabanja anayi kapena asanu ogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, ndipo zotsatira zake ndi suweji yosefukira m'misewu ndi magetsi ozimazima. Mu 2011 khonsolo ya mzindawu inayamba kuika mipopi, zimbudzi ndi mamita a magetsi a anthu okhala kuseri, kuyambira ku Factreton. Ntchitoyi inakhudza maploti a nyumba za khonsolo, popeza khonsolo inkati malamulo a ndalama za boma sailola kuika zipangizo pa malo a munthu. Okhala kuseri kwa nyumba za eni, amene ndiwo ochuluka, anatsala akudalira mpopi ndi mita ya mwini nyumba, pa mtengo umene iye mwini watchula.